Ngongole ya dokotala wa majini

Msuweni wanga wabwerako ku South Africa ndi digiri ya udokotala, imene ophunzira amati PhD. Zaka zinayi wakhala akusuzumira m'magazi a anthu, kuwerenga zolembedwa m'chibadwa chawo. Tsiku lomulandira kumudzi, agogo atamva kuti mdzukulu wawo ndi katswiri wa majini, anafunsa modabwa: "Ndiye kuti wasanduka sing'anga? Majini ake ati, a m'nyanja aja?"

Tinaseka mpaka misozi. Koma ine usiku umenewo tulo sindinatione, pakuti pakati pa osekawo panali mchemwali wanga, mwana wake wachialubino ali pamiyendo.

Alamu anga anathawa banja mwanayo ali ndi masabata awiri. Ati ku mtundu kwawo kulibe zotere, ndiye kuti mkazi anazembera kwina. Zaka zisanu tsopano mchemwali wangayu akusenza mlandu umene sanapalamule.

Chikhalirecho, chilungamo chake n'chachidule. Majini a msuweniwa si mizimu ayi, ndi timalangizo ta m'maselo timene mwana amalandira kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi. Chialubino chimene timachiona kunochi chimaonekera pokhapokha onse awiri atapereka mbewu yake, ngakhale iwo eni ali akuda bii. Makolo otere, pa mimba iliyonse, mpata wobereka mwana wachialubino ndi umodzi mwa inayi. Lamulo limeneli analilemba wansembe Gregor Mendel mu 1866, ataliona pa nsawawa za m'dimba. Mu 2003 akatswiri analengeza kuti awerenga pafupifupi buku lonse la chibadwa cha munthu, zilembo mabiliyoni atatu. Koma mawu ochepa chabe omasula mchemwali wanga sanafikebe pabwalo la ankhoswe.

Funso langa nali: kodi nzeru zotere mwini wake ndani? Wovala mkanjo ndi chipewa, kapena amene anatambasula mkono kuti atengedwe magazi?

Mbiri ya maphunziro amenewa ili ndi zipsera. Mu 1951, ku Baltimore, madokotala anatenga maselo a mayi wachikuda, Henrietta Lacks, osamupempha. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho, koma maselo ake akuswanabe m'malabotale a dziko lonse, ndipo anathandiza pa katemera wa poliyo. Anthu anatchuka nawo, ena kulemera nawo, pamene ana ake anatha zaka zoposa 20 asakudziwa kanthu. Kutenga osabweza, kwathu timati kuba, ngakhale wotengayo atavala zoyera.

Nditamuuza zimenezi, msuweni anandidula. "Asuweni, ine si mphunzitsi wa sukulu ya kwacha. Ntchito yanga n'kufufuza zimene sizikudziwika. Ndikamayendayenda m'midzi, kafukufuku achita ndani? Ndiponso makina amene ndinaphunzirira, kuno ndiwapeza kuti?"

Akunena zoona, ndipo sindimuweruza akadzabwerera kunja. Udokotala si masewera. Munthu amakumba funso limodzi zaka ndi zaka mpaka atatulukira chimene wina aliyense sanachionepo. Komabe kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo kuyambira 2014 tamva za ena ophedwa, ngakhale manda kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Pamene umbuli ukupha, kukhala chete kwa wodziwa si kudzichepetsa. Ndi ngongole.

Ndipotu chala chimenechi chikulozanso ine. Iye ali ndi nzeru, ine ndili ndi chinenero. Ndalemba ndakatulo zambirimbiri za andale ndi njala, koma ya mwana wa mchemwali wanga sindinalembepo ndi imodzi yomwe. Mutu umodzi susenza denga, paja.

Lamulungu lapitali msuweni anakhala pansi pa mtengo wa mango, atagwira chisononkho cha chimanga cha makolo, chija cha maso oyera ndi ofiira, n'kuyamba kulongosola m'Chichewa chopunthwapunthwa. Ine ndinkamutolera mawu akamugwa. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: "Ndiye kuti mbewuyi anabzala awiri."

Alamu sanabwere, ngakhale tinawatumizira uthenga. Koma ankhoswe awo analipo, ndipo ponyamuka anamunyamula mwana uja.