Kodi Mawu a Akufa Amasungidwira Yani?

Mlimi wanzeru sadya chimanga chonse chimene wakolola. Amasankha ngala zokhwima bwino nazikoloweka pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe. Imeneyo ndiyo mbewu. Sukulu zaukachenjede nazonso zimachita chimodzimodzi: m'nyumba yosungiramo mabuku zimapatula chipinda cha zolembedwa zakale ndi zosowa, zimene zitati zitayike sizingapezekenso kwina. Funso ndi lakuti, kodi zimenezi zimasungidwira yani, ndipo wozisungayo ali ndi mangawa otani?

Mbiri ya Yunivesite ya Cape Town ku South Africa ingathandize kuyankha. Kuyambira m'chaka cha 1870, Wilhelm Bleek ndi mlamu wake Lucy Lloyd ankalemba nthano ndi mbiri za anthu olankhula chinenero cha |xam. Ena mwa owafotokozerawo, monga //Kabbo, anali akaidi a kundende ya Breakwater. Bleek atamwalira mu 1875, Lloyd anapitiriza ntchitoyo mpaka masamba olembedwa anaposa 12,000. Lero palibenso mtundu wolankhula chineneroco. Chatsalira m'makope amenewa, ndipo ambiri mwa iwo akusungidwa ndi yunivesiteyi. M'chaka cha 2000, pamene dziko la South Africa linkafuna mawu oika pa chizindikiro chake chatsopano, linawatenga ku chinenero chomwechi. Indedi, mawu a akulu akoma akagonera.

Koma pa 18 Epulo 2021, moto wolusa umene unabuka m'mbali mwa phiri la Table Mountain unafika pa yunivesiteyi ndi kutentha chipinda chowerengeramo cha Jagger Library. Mabuku ndi mafilimu ambiri onena za Africa anasanduka phulusa. Zimene zinali m'zipinda zapansi zinanyowa ndi madzi ozimitsira moto, kotero anthu odzipereka anandanda pamzere masiku ambiri, kupatsirana mabokosi kuti azipulumutse. Mwamwayi, makope a Bleek ndi Lloyd anapulumuka. Ku Malawi tsoka lotere silachilendo, pakuti mu Disembala 2015 moto unatentha nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa nkhani imeneyi pali maganizo awiri. Ena amati chinthu chosowa chiyenera kutsekeredwa, chifukwa dzanja lililonse logwira pepala lakale limalifupikitsira moyo. Anthu amenewa amaganizira ana amene sanabadwe, ndipo salakwa. Ena amati buku losawerengedwa ndi lakufa kale ngakhale lisanapse. Nawonso ali ndi mfundo, pakuti mbewu imene ingokhala padenga osabzalidwa pamapeto pake imafumbwa. Moto wa ku Cape Town unaonetsa kuti kutsekera pakokha sikukwanira. Chinthu chikakhala chimodzi, pamalo amodzi, tsiku limodzi lingachifafanize. Chimene chajambulidwa ndi kugawidwa m'malo ambiri chili ngati mbewu imene alimi apatsana: munda wina ukapsa, wina umabereka. Makope a chinenero cha |xam anali atajambulidwa kale ndi kuikidwa pa intaneti moto usanabwere.

Komabe pali funso lina lolemera koposa. Mawu a m'makopewo ndi a yani? Dzina lotchuka ndi la amene anagwira cholembera, koma nzeru zake zinali za //Kabbo ndi anzake, anthu olandidwa dziko amene anakumana ndi olembawo ali m'manja mwa boma la atsamunda. Zidzukulu za anthu otere kawirikawiri zimakhala kutali ndi zipata za yunivesite. Yunivesite ikamadziyesa mwini chuma, imakhala ikuwalanda kachiwiri. Ikadziwa kuti inangosungitsidwa, imatchula eni mawu ndi maina awo, nibwezera mawuwo kwa ana awo m'njira imene angathe kuwamva.

Choncho wosunga zolembedwa zakale ali ndi mangawa atatu. Kwa akufa, asapotoze mawu awo kapena kubisa maina awo. Kwa amoyo, atsegule chitseko. Kwa osabadwa, ateteze pepala ku moto, madzi ndi chiswe, ndiponso alichulukitse nthawi ikadalipo. Tsogolo la nyumba zoterezi lagona pa kubweza mangawa onse atatu pamodzi, pakuti wosungitsidwa mbewu amayesedwa pa nyengo yobzala.