Tsiku Lobadwa Limene Palibe Analitchula

Iwo amene amalemba mapulogalamu a kompyuta amadziwa kuti kachigawo kalikonse ka pulogalamu, kamene amakatcha function, kamayembekeza kupatsidwa zinthu zakutizakuti kasanayambe ntchito, ndiponso kuti woitana kachigawoko amaloledwa kusiyako zina. Pamene pamagona nkhani ndi apa: kodi malo osiyidwawo adzazidwe ndi chiyani, ndipo adzadziwa ndani kuti anadzazidwa?

Taonani agogo ochokera ku Ntaja kapena ku Ulongwe, amene afika pachipatala cha boma ku Liwonde, ndipo kalaliki atawafunsa kuti, "Agogo, munabadwa liti?" iwo angoyankha kuti anabadwa chaka cha njala yaikulu, ndiko kuti 1949, mwezi saudziwa, tsiku salidziwa, pakuti makolo awo ankawerenga nyengo poona mvula ndi zokolola. Koma malo a tsiku lobadwa m'kompyuta salandira chaka chokha. A Baobab Health Trust, amene anayamba ntchito yawo ku Kamuzu Central Hospital nalemba pulogalamu ya kaundula wa odwala m'chinenero cha Ruby, anakonza kuti mwezi ukasowa pazilembedwa 1 Julaye, ndipo likasowa tsiku lokha pazilembedwa 15, kuti kuphonyako kusapitirire theka la chaka kapena theka la mwezi. Komanso anaika chizindikiro pambali chonena kuti tsikulo ndi longoyerekeza.

Ine ndikuona kuti nzeru yaikulu ili pa chizindikirocho, osati pa 1 Julaye. Chikadapanda kukhalapo, wowerenga kaundula akadapeza khamu la nkhalamba zobadwa tsiku limodzi, nakhulupirira bodza limene palibe munthu analinena; chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choipa koposa ndi ulesi wa wolemba pulogalamu amene amaika 0 paliponse posiyidwa, pakuti mwana amene sanakwere pa sikelo si mwana wa makilogalamu 0, ndipo pulogalamu yowerengera mankhwala potsata kulemera iyenera kukana kupitirira kufikira namwino atamuyeza.

Zinenero za kompyuta zinapereka kale njira zodziwira ngati chinthu chasiyidwa. Fortran 90 ili ndi PRESENT, yofunsira ngati chinthu chinaperekedwadi. Python ili ndi None, Ruby ili ndi nil, zizindikiro zonena kuti palibe kanthu. Komatu njirazi sizipulumutsa wosafunsa, ndipo Tony Hoare, amene anayambitsa chizindikiro chotere chotchedwa null mu 1965, anadandaula poyera mu 2009 chifukwa cha zolakwa zosawerengeka zimene zinabadwa pamene anthu anaiwala kuyang'ana ngati chinthucho chilipo.

Tsono inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira luso limeneli, musanalole kuti chinthu chisiyidwe, yambani mwafunsa namwino ndi kalaliki ngati ntchito ingayende popanda icho. Ngati ingayende, dzazani malowo, koma lembani kuti mwadzaza ndinu. Ngati singayende, pulogalamu iime, inene chimene chikusowa.