Katemera wa Chikuku ndi Chikonzero cha Mulungu

M'dera la Mfumu Yaikulu Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kumalire ndi Mozambique, kumene anthu ambiri ndi Asilamu, funso loti kaya kubayitsa mwana katemera wa chikuku n'kulimbana ndi chikonzero cha Mulungu lili ndi yankho lakale. Mbiri ya Chisilamu imati Khalifa Umar, atamva za mliri ku Syria cha m'ma 639, anabwerera panjira, ndipo anafotokozera omudzudzula kuti kupewa tsoka nakonso kuli m'kati mwa qadar, kutanthauza chikonzero chomwecho.

Funso lovuta ndi la mmene kholo lingakhulupirire mankhwala opangidwa ndi anthu amene amalakwitsa, ndipo pankhani ya chikuku analakwitsadi. Mwana amabadwa ndi chitetezo chochokera kwa mayi ake, chimene chimafooketsa katemera akaperekedwa msanga, kotero kuti katemera woperekedwa pa miyezi 9 amateteza ana pafupifupi 85 mwa 100 alionse, pamene wa pa miyezi 12 amateteza pafupifupi 95. Pofuna kufikira makanda, bungwe la WHO linavomereza mu 1989 katemera wa mtundu wa Edmonston-Zagreb wokhala ndi mlingo wochuluka kwambiri, woti aziperekedwa pa miyezi 6; koma kafukufuku wa ku Guinea-Bissau ndi Senegal atasonyeza kuti ana aakazi omulandira ankamwalira mochulukirapo poyerekeza ndi olandira mlingo wamba, katemerayu analetsedwa mu 1992. Okayikira angaitenge nkhaniyi ngati chida chawo, komabe cholakwacho chinaululika chifukwa ana anawerengedwa ndi kutsatiridwa kwa zaka, ndipo mlingo wamba, umene alangizi a zaumoyo amapereka kusikelo, ndiwo unapambana pa kuyerekezako.

Malawi anasankha kuyamba pa miyezi 9, popeza kudikira kumapha kumene chikuku chili pafupi, ndipo kuyambira mu 2015 anawonjezera kubaya kwachiwiri pa miyezi 15 kuti otsala aja atetezedwe. Mliri wa mu 2010, umene unagwira anthu oposa 130,000 pamene mipingo ina inkakaniza ana ake katemera, unasonyeza mbali imene mkangano wa chikhulupiriro umaiwala. Kholo lokana limati nkhaniyi ili pakati pa ilo ndi Mlengi, chonsecho khanda la mnzake, losafika miyezi 9, lilibe chitetezo chodalirika koposa chakuti ana olizungulira anabayidwa.