Za Chiweto Chosatha Kunena Pomwe Pakupweteka

Mwana akadwala aloza ndi chala pomwe pakupweteka. Koma galu angogona chete, nakana chakudya. Nanga sing'anga wa ziweto atani? Chithunzi wamba cha X-ray chionetsa mafupa ounjikana pamodzi, ndipo chotupa cha m'mphuno kapena cha m'bongo chibisala kuseri kwa chigaza.

Apa mpamene athandiza makina a CT. Godfrey Hounsfield, amene anawapanga ku England, anawayesa pa bongo wa ng'ombe, ndipo munthu woyamba anaunikidwa nawo ku London m'chaka cha 1971. Lero alowamonso agalu ndi amphaka. Chiweto chigonetsedwa ndi mankhwala kuti chisagwedezeke. Kuwala kwa X-ray kuchizungulira, ndipo kompyuta ionetsa m'kati mwa thupi m'zigawo zopyapyala, monga momwe adulira buledi.

Komatu mtengo wake ngwaukulu. Katekisimu wa 1992 aphunzitsa kuti kuvutitsa nyama popanda chifukwa kuipitsa ulemu wa munthu. Aphunzitsanso kuti ndalama zoyenera kuyamba zathandiza amphawi zisathere pa ziweto. Mwini galu akauzidwa mtengowo, ayeze ziphunzitso ziwirizi pamaso pa Mulungu asanayankhe sing'angayo.