Kodi tikonze tokha kapena tipite kwa makaniko?



Pakati pa anthu amene ali ndi galimoto, njinga yamoto kapena njinga yakapalasa pali maganizo awiri amene amalimbana kawirikawiri. Ena amati munthu wanzeru amakonza yekha chinthu chake, ndipo kuthamangira kwa makaniko pa vuto lililonse ndi ulesi komanso kutaya ndalama. Ena amati ntchito iliyonse ili ndi eni ake, ndipo wogwira sipanala asanaphunzire akudzinamiza. Nkhaniyi imaoneka ngati ya ndalama chabe, koma mkati mwake muli kunena zoona, kudzichepetsa, chilungamo ndi kusamala moyo wa anzathu. Tiyeni tiilingalire pamodzi.

Ambiri a ife kuno ku Thyolo tilibe galimoto, komabe funsoli ndi lathu. Wogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makwasa kapena Naming'omba amadalira njinga yake kuti afike pa ntchito nthawi yabwino. Anyamata akabaza pa Boma, pa Bvumbwe ndi pa Luchenza amadyera njinga zamoto. Mphunzitsi kapena kalaliki amene wasunga ndalama zaka zambiri amagula Toyota Sienta kapena Probox yogwirapo kale ntchito ku Japan. Ndipo amene alibe chilichonse mwa izi amakwera minibasi pa msewu wa M2 popita ku Limbe kapena ku Mulanje. Tonse timaika moyo wathu pa ntchito ya munthu amene anamanga manati a tayala, kaya tikumudziwa kapena ayi.

Tiyambe ndi amene amati tizikonza tokha. Mfundo yawo yoyamba ndi ya thumba, ndipo ndi yoona. Pafupifupi sipeya aliyense amachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya oyilo, matayala ndi mabatire inakwera, pamene malipiro a anthu ambiri sanathamange liwiro lomwelo. Munthu akagula oyilo n'kuthira yekha, ndalama imene akanalipira makaniko imagula ufa.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yozama kuposa thumba. Chinthu chimene umachisamalira ndi manja ako umachidziwa. Kuyang'ana mlingo wa oyilo injini itazima ndipo galimoto ili pa malo osapendekeka, kuona madzi a mu redieta injini itazizira, kupopa matayala, kukutumula fumbi la chilimwe mu fyuluta ya mpweya, kutsuka matope ofiira a dzinja pa tcheni n'kuthirapo oyilo: zonsezi sizifuna satifiketi. Zimafuna maso ndi chizolowezi. Wochita zimenezi amamva msanga pamene phokoso la injini lasintha, ndipo vuto laling'ono amaligwira lisanakule.

Palinso matenda ena amene kukonza wekha kumachiza, omwe ndi kunyoza ntchito yamanja. Ambiri amene tinapita ku sekondale tinakula tikumva kuti girizi m'zikhadabo ndi chizindikiro cha munthu wolephera mayeso. Maganizo amenewa ndi olakwika. William Kamkwamba wa ku Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, mapaipi ndi zotsalira za thirakitala. Ku America, Matthew Crawford, amene anaphunzira filosofi mpaka digiri ya udokotala, anasiya ntchito ya mu ofesi n'kutsegula malo okonzera njinga zamoto, ndipo mu 2009 analemba buku lofotokoza kuti kufufuza vuto la injini kumafuna kuganiza kwambiri kuposa ntchito zambiri za patebulo. Manja ndi mutu si adani.

Tsopano timve mbali inayo. Makaniko weniweni sanadzuke tsiku limodzi n'kudziwa. Ena anaphunzira m'masukulu oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Ena anatha zaka akupatsira masipanala m'magalaja a ku Ndirande ndi ku Limbe asanaloledwe kutsegula injini okha. Chimene amamva ndi khutu m'mphindi ziwiri chinawatengera zaka. Komanso magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta mkati, ndipo mavuto ena amaoneka pokhapokha atalumikiza makina owerengera. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT imene imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wamba kukhoza kuiwonongeratu. Safunsa anadya phula.

Ndiponso kudalira luso la wina si manyazi. Taganizirani kapu ya tiyi. Wina anafesa nazale, wina anadulira, wina anathyola masamba, wina anayendetsa thirakitala kupita nawo ku fakitale asanawonongeke, wina anayang'anira makina owumitsira. Palibe mmodzi mwa iwo amene angathe zonse. Ngakhale Kamkwamba uja anatsamira pa buku la mu laibulale ndi pa anzake amene anamuthandiza. Mutu umodzi susenza denga. Munthu amene amati safuna aliyense nthawi zambiri sakhala wamphamvu. Amakhala wonyada kapena woopa kupusitsidwa.

Nanga ngati mbali zonse zili ndi choona, tisiyanitse bwanji? Ndikupereka muyeso umodzi woti tiuyese: musanagwire sipanala, dzifunseni kuti, ndikalakwitsa, cholakwacho chidzagwera ndani?

Mukamata chubu molakwika, mudzakankha njinga mpaka kunyumba. Mwataya nthawi yanu, mwaphunzirapo kanthu. Mukaika babu ya m'kati mwa galimoto molakwika, siyaka, basi. Pa ntchito zotere yesani, lakwitsani, yesaninso, chifukwa mtengo wa phunzirolo mukulipira nokha. Mukawononga injini poyesa kuitsegula, cholakwa chafika pa banja lanu, pakuti ndalama ya fizi ndi ya fetereza ndiyo idzakonzere. Apa muyenera kukambirana ndi a pabanja panu musanayambe. Koma mabuleki, chiwongolero ndi matayala ndi nkhani ina. Zimenezi zikalephera, cholakwa chimagwera munthu amene sanafunsidwe n'komwe.

Tione chifukwa chake. Mabuleki a galimoto amagwira ntchito ndi mafuta oyenda m'timapaipi. Mpweya ukalowamo pamene wina akusintha zipangizo mosadziwa, phazi limaponda koma mphamvu siifika ku matayala, chifukwa mpweya umafinyika pamene mafuta safinyika. Mafuta a mabuleki akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndipo pa chitsikira chachitali akhoza kuwira n'kusiya kugwira. Pa malo athyathyathya vutoli likhoza kubisala miyezi. Koma dziko lathu ndi la zitunda ndi makhota. Taganizirani msewu wodutsa ku Thekerani kutsikira ku Muona, kapena m'mawa wa chiperoni pamene amayi ndi abambo akuyenda m'mphepete mwa msewu kupita kothyola tiyi, ana asukulu ali pambuyo pawo. Anthu amenewa sanavomere kukhala mayeso a luso lanu. Kunena kuti “izi sindizidziwa” pa nkhani ya mabuleki si kufooka. Ndi kunena zoona, ndipo choonadi chimenecho chimasunga moyo.

Komabe tisaganize kuti wolipira makaniko wamasuka. Ndalama imagula ntchito, siigula udindo. Mwini galimoto amene amauza makaniko kuti “ingomangani ndi waya, tidzaona mwezi ukatha” wasankha yekha ngoziyo, ngakhale sanagwire sipanala. Wobisa kuti anayamba wayesa yekha n'kusokoneza mawaya akuba nthawi ya makaniko. Wokangana pa mtengo mpaka mnzakeyo asapeze ya chakudya, kapena wotenga galimoto n'kulonjeza kulipira Lachisanu limene silifika, akuphunzitsa makaniko kuti kukhulupirika sikupindulitsa. Chiphaso cha COF chomata pa galasi chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Masiku ena onse woyesa ndi chikumbumtima cha mwini wake.

Makaniko nayenso ali ndi mayeso ake, chifukwa amagwira ntchito pamalo pamene mwini chinthu saona. Akhoza kutsuka sipeya wakale n'kunena kuti ndi watsopano. Akhoza kutchula vuto limene kulibe, kapena kulandira ntchito imene sakuidziwa poopa kutaya kasitomala. Muyeso uja umamukhudzanso: cholakwa chake chidzagwera ndani? Timaphunzira kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anthu imawerengedwa ngati kupembedza. Ngati zili choncho, nati yomangidwa bwino pansi pa minibasi, pamene palibe wokwera aliyense adzayang'anepo, ndi umboni wa mtima wa amene anaimanga. Ndipo makaniko wonena kuti “iyi pitani nayo kwa wamagetsi” waonetsa kudzichepetsa komwe tikupempha kwa mwini galimoto.

Apa tikuona kuti maganizo awiri aja amafunana. Mwini njinga amene amadziwa pang'ono amafotokoza vuto momveka, amapempha kuona sipeya wochotsedwayo, amazindikira ntchito yabwino n'kuilipira mosanyinyirika. Umbuli ndiwo umabala kukayikirana: wosadziwa kanthu amakhulupirira aliyense, kapena sakhulupirira aliyense. Makaniko woona mtima sataya kanthu pophunzitsa kasitomala kuyang'ana oyilo. Amapeza munthu amene adzabwerenso ndi kutumiza anzake.

Pali vuto limodzi limene muyeso wathu suthetsa mosavuta, ndipo tisalizembe. Mnyamata wakabaza akuyendetsa njinga ya wina, ndipo madzulo aliwonse ayenera kupereka ndalama yoikika kwa mwini wake. Akudziwa kuti mabuleki atha. Akaima lero, kunyumba sadya. Akapitiriza, akunyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Kumuuza kuti “pita kwa makaniko” n'kosavuta kwa ife amene tadya. Koma udindo sunathe, wangogawika. Mwini njinga, amene amalandira ndalama tsiku ndi tsiku, ali ndi gawo lalikulu. Anzake apasiteji akhoza kusonkherana kathumba ka zokonzera, monga amachitira amayi a banki m'khonde. Makaniko wapafupi akhoza kulola ngongole pa mabuleki ngakhale salola pa zina. Ife okwera tikhoza kusiya kukakamiza kuti tikwere atatu. Pamene munthu mmodzi sangathe kuchita chabwino payekha, funso limabwerera kwa mudzi wonse.

Choncho tiphunzire zonse zimene manja athu angathe, tivomereze poyera pamene nzeru zathu zathera, ndipo tilipire mwachilungamo amene amadziwa zimene ife sitidziwa.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito zitatu pa njinga kapena galimoto zimene cholakwa chake chimagwera mwini yekha, ndi zitatu zimene chimagwera anthu ena.

2. N'chifukwa chiyani kunena kuti “sindidziwa” kumativuta? Kodi kumavuta mofanana kwa mwini galimoto ndi kwa makaniko?

3. Mukanakhala mnyamata wakabaza uja, mukanatani? Nanga mukanakhala mwini njinga?

4. Kodi muyeso woti “cholakwacho chidzagwera ndani” ungatithandize pa zinthu ziti zina, monga kumwa mankhwala osapita kuchipatala kapena kulumikiza magetsi m'nyumba?

5. Kodi m'dera lathu muli mmisiri amene angaphunzitse achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, kusamalira njinga? Tingamupemphe bwanji, ndipo tingamuthokoze motani?