Ong-Bak: kodi ife owonera takhala mbali iti?

Owunika mafilimu atawonera Ong-Bak, filimu ya ku Thailand ya 2003, ambiri anagwirizana pa mfundo ziwiri: nkhani yake ndi yopepuka, koma ndewu zake ndi zoopsa. Anayamikira kuti Tony Jaa amadumpha yekha, popanda zingwe kapena matsenga a kompyuta, ndipo chigongono chake chikatera pamutu pa munthu umaona kuti chateradi. Ine chiweruzo chimenechi chimandivuta, chifukwa nkhani imene anaipeputsayo ikukamba za ife tomwe.

Mbava yadula mutu wa chiboliboli cha Buddha m'mudzi wa Nong Pradu, ndipo Ting watumidwa ku Bangkok kuti akaubweze. Ting anaphunzira Muay Thai kwa mmonke, yemwe anamulangiza kuti luso limeneli asamenyere anthu. Atafika m'tauni, Humlae akumubera ndalama zomwe anthu a kumudzi anasonkha, n'kukabetcha pamalo a ndewu zamseri. Pozilondola, Ting akungopezeka ali pakati pa bwalo, anthu akukuwa, ndalama zikutuluka m'matumba.

Tsono tinene zoona, ndani mwa ife amafunitsitsa kuti Ting asunge malangizo a mmonke uja? Pafoni, anthu akangoyamba kulankhula timathamangitsa filimu kuti tifike pa zibakera. Prachya Pinkaew, yemwe anaitsogolera, njala yathuyi ankaidziwa bwino: pomwe munthu wamenyedwa modetsa nkhawa amabwereza kawiri kapena katatu, kamera ili mbali zosiyana. Ndiye kuti pampando wathu takhala limodzi ndi obetcha aja, anthu omwe filimuyo ikuwaonetsa ngati adyera.

Wina anena kuti omenyedwawo anavomera okha, ndi ntchito yawo, ndipo Panna Rittikrai, mphunzitsi wa Jaa, anakonza ndewuzo mwaluso. Ndikuvomereza, ndipo sindikufuna kuwalanda ulemu wawo. Luso la Jaa n'lokongola, kulikana kungakhale chinyengo. Koma kuvomera kwawo kukuyankha funso la iwo, la ife likadalipo: n'chifukwa chiyani bondo limatikomera kwambiri tikadziwa kuti lapwetekadi munthu? Owunika akamatamanda kuti zonse ndi zenizeni, mbali ina ya chitamandocho ndi ululu wa mnyamata amene wagwa pansi uja. Dzina la Tony Jaa tonse tinaliloweza. La mnyamatayo limadutsa m'timalemba ta kumapeto, ife titatseka kale foni.