Homuweki ya mlongo wanga yandipatsa phunziro



Lachiwiri madzulo, titatha kuswali Maghrib, ndinapeza mlongo wanga wa Fomu 2 atakhala pakhonde, makope awiri ali pamwendo, la Masamu ndi la History, koma osalemba kanthu. Magetsi anali atazima, ndiye amawunikira ndi tochi ya foni. Ndinamufunsa kuti vuto ndi chiyani. Anati: “Achimwene, Masamuwa andikwana. Ma fraction ndi ma x amenewa ndidzagwiritsa ntchito kuti? Kumanda akandifunsa x?” Ndinaseka. Koma atatsegula kope linalo, kuseka kunatha. Tsiku limenelo anaphunzira za malonda a akapolo, za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, ndipo pa buleki mnzake wina anamuloza hijaab nkunena kuti, “Paja ndinu amene munkagulitsa anthu.” Anabwera kunyumba ali ndi manyazi, mpaka kufunsa ngati mawa angapite kusukulu osavala mpango.

Ndikudziwa kuti siali yekha. Ambiri a inu mumawerenga tsamba lino muli m'makalasi omwewa, kuno ku Jenda ndi kwina. Tiyeni tikambirane zonse ziwiri.

Tiyambe ndi Masamu. Zoona, kumanda sakafunsa x. Koma tsiku la Qiyaamah tikafunsidwa za chuma, mmene tinachipezera ndi mmene tinachigwiritsira ntchito, ndipo chuma chimayenda ndi manambala. Zakaat ndi nsanamira ya Chisilamu, eti? Munthu amene ndalama zake zafika pa nisaab ndipo zakhala chaka chathunthu amapereka 2.5 peresenti. Ngati ali ndi K2,000,000, zakaat yake ndi K50,000. Wosadziwa kuwerengera peresenti angapereke zoperewera osadziwa, ndipo gawo la osauka limatsalira m'thumba mwake.

Nanga ma fraction? Tsegulani Surah An-Nisaa. Allah Subhaanahu wa Ta'aala sanasiye nkhani ya chuma chamasiye m'manja mwa amalume kapena aliyense wamphamvu pamudzi. Anatchula yekha magawo: theka, gawo limodzi mwa anayi, limodzi mwa asanu ndi atatu, awiri mwa atatu, limodzi mwa atatu, limodzi mwa asanu ndi limodzi. Ndinamupatsa mlongo wanga samu iyi: bambo wamwalira, makolo ake anamwalira kale, wasiya mkazi, mwana wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi. Atachotsa zogulira maliro ndi ngongole, patsala K2,400,000, ndipo sanasiye wasiya. Mkazi atenga 1/8, yomwe ndi K300,000. Zotsala K2,100,000 zigawidwa patatu, mnyamata magawo awiri, K1,400,000, mtsikana gawo limodzi, K700,000. Anaiwerengera yekha, bwinobwino. Ndinamuuza kuti wangomaliza kumene fraction ndi ratio, zomwe amati sazitha. Ndi amayi angati amasiye amene alandidwa katundu maliro asanathe, pamudzi popanda ndi mmodzi yemwe woti nkuwerengera gawo lawo?

Ngakhale dzina loti algebra likuchokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, a m'buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Gawo lalikulu la bukulo ndi masamu a kagawidwe ka chuma chamasiye. Ndiye x amene akukuvutitsa m'kalasiyo anayamba kale kutumikira ana amasiye. Komanso pamsika wathu pa Jenda pano, pamene mbatatesi, tomato, anyezi ndi nyemba zimagulitsidwa m'mphepete mwa M1, ndani sadziwa za ndowa zophwanyidwa pansi ndi masikelo okhotetsedwa? Qur'an ili ndi Surah yathunthu, Al-Mutaffifiin, imene imayamba ndi kuopseza ochepetsa miyeso. Mwana wodziwa kuwerengera amateteza amayi ake kuti asaberedwe pogulitsa soya, ndipo naye akadzagwira sikelo sadzabera wina.

Tsopano ku History, komwe kunali bala lenileni.

Sindinamuuze mlongo wanga kuti aphunzitsi ananama, chifukwa sananame. Jumbe ankawolotsadi akapolo panyanja kupita nawo kugombe la kum'mawa kwa Africa. Mlozi anamangadi malinga ku Karonga nkuzunza Ankhonde, mpaka anagonjetsedwa ndi kupachikidwa mu 1895. Anthuwa ankadzitcha Asilamu. Ife sitibisa choona chifukwa chakuti chikutiwawa. Surah An-Nisaa yomweyo imatilamula kuima pachilungamo ngakhale umboniwo ukhale wotsutsa ife eni kapena makolo athu. Ndipo Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiuza mu hadith ya mu Bukhari kuti mwa anthu amene Allah adzatsutsana nawo tsiku lachiweruzo muli munthu wogulitsa mfulu nkudya mtengo wake. Amene ankaotcha midzi ndi kumanga anthu magoli adzayankha yekha kwa Allah. Koma Qur'an imatiphunzitsanso kuti palibe amene adzasenze mtolo wa machimo a mnzake. Mtsikana wa zaka 14 wa ku Jenda sanagulitse munthu. Hijaab yake asaivule chifukwa cha tchimo la Mlozi. Ndipo akumbukire kuti muadhini woyamba wa Chisilamu, Bilal, anali kapolo wa Chiafrica amene Abu Bakr anamuombola.

Kenako tinapitiriza kuwerenga kopelo, ndipo ndinamuonetsa kuti History imeneyi inadutsa pakhomo pathu penipeni. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo ana ake anadzakhazikika kuno ku Mzimba. Angerezi analengeza ulamuliro wawo m'dziko muno mu 1891, koma dera la Inkosi M'mbelwa linalowa m'manja mwawo mochedwa, mu 1904. Dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907. Msonkho wa nyumba unakankhira amuna ambiri a kuno kukagwira ntchito ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, ndipo msewu umene anatsegula agogo athuwo ndi womwewu achinyamata akuuthamangira lero, ena kusiya sukulu ali Fomu 2. Malire amene tili nawo pafupi pano, olekanitsa abale a ku Jenda ndi a ku Lundazi olankhula chinenero chimodzi, anajambulidwa nthawi yomweyo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963, ufulu tinalandira pa 6 July 1964.

Pali phunziro lina limene limatikhudza ife Asilamu kwambiri. Nthawi ya atsamunda, sukulu zambiri zinali za mishoni. Pafupi nafe pano pali Embangweni, mishoni ya Livingstonia imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, ndipo inaphunzitsa anthu ambiri a chigawo chino. Makolo ambiri a Chisilamu m'dziko muno anakana kutumiza ana awo ku sukulu zotere poopa kuti akabatizidwa ndi kusinthidwa mayina. Tisawanyoze, anasunga imaani ndipo ndi chifukwa chake ife lero tikuti Laa ilaaha illa Allah. Koma mtengo wake unali waukulu: ufulu utabwera, Asilamu anali ochepa m'maofesi, m'zipatala ndi m'makalasi ngati aphunzitsi. Iwo anakakamizika kusankha pakati pa deeni ndi sukulu. Iwe sukukakamizidwa. Umapita kusukulu m'mawa ndi dzina lako lomwelo, masana kumadrasa. Ndiye tikamajomba, tikamagona pa TikTok mpaka usiku homuweki ili m'chikwama, tidzawauza chiyani agogo aja?

Lamulo loyamba limene Mtumiki wathu analandira kuphanga la Hira linali loti awerenge. Nkhondo ya Badr itatha, akaidi ena amene analibe dipo anamasulidwa pophunzitsa ana a ku Madinah kulemba, ngakhale aphunzitsiwo sanali Asilamu. Choncho usanyoze mphunzitsi wako chifukwa sapemphera nawe limodzi. Mulemekeze, ndipo ukapanda kumva, funsa.

Mlongo wanga anamaliza masamu ake asanu ndi atatu Isha isanakwane, awiri analakwitsa, tinakonza. M'mawa anavala hijaab yake nkupita. Mnzake uja sanakangane naye, anangomuuza kuti mayeso akubwerawa awerengere limodzi mutu umenewu.

M'bale wanga, mlongo wanga, usiku uno usanatsegule kope nena Bismillah, ndipo ukonze niyyah yako kuti ukuphunzira pofuna kumusangalatsa Allah ndi kuthandiza anthu ake. Amene muli ndi ang'ono anu kunyumba, ikani foni pansi kwa mphindi 30 muone zimene alemba lero.

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa, awafewetsere ana athu zimene zikuwavuta, ndipo awakhululukire makolo athu amene anatsogola. Aameen.

Wassalaamu alaykum warahmatullahi wabarakaatuh.